Maminiti 8 pa ntambo, nyanja ili pansi pa mapazi

Imwe bamene muyenda ku China kukaoda katundu, na imwe bamene mukali kusonkha chilimba kuti mukayambeko, nkhani ya sabata ino ni yanu. Timuzibani. Mufika ku Guangzhou usiku, kuseni muli kale mu market na calculator kumanja. Masabata yabili yasila, mwaona chabe makatoni, seloteipi na nkhope ya agent wa shipping. Mukabwela ku Kamwala bantu bamufunsani ati China ili bwanji, imwe yankho ni mtengo wa ma charger.

Ise ba Zed tilibe nyanja yamchele. Siavonga ni yabwino, Samfya ili na mchenga woyela monga shuga, koma manzi yamene yapeleka ma ship ya makontena ku vyalo vonse bambili tinayaona chabe pa TV. Manje muntu wafika pafupi so, wapita na pa Hong Kong, abwelela osaiona. Awe, ichi chimanibaba.

Malo yamene nifuna kumuuzani ni Ocean Park, kum'mwela kwa chisumbu cha Hong Kong. Inaseguliwa mu 1977, ndalama zomangila zinachokela ku Jockey Club, ba mijaho ya mahachi. Muli vokwela voyofya, muli nsomba, muli nyama. Ganizani Showgrounds ya mu August na Munda Wanga mwaviika pamodzi, mwavinyamula, mwaviika pa phili, pansi pali nyanja. Phili yamene iyo, Brick Hill, inagaba paki pabili. Kunsi kwamene mungenela ni Waterfront, kumwamba kwamene kuli vokwela vikulu ni Summit. Ndiye chifukwa chake kuli cable car. Ni msebo wake wa paki, chabe unapita mumwamba.

Ni tuma kabini twa round, twa mitundumitundu, tolenjekeka ku ntambo ya chisulo. Kalikonse kanyamula bantu 6, munkala mozungulila, madolo yagundana monga kumbuyo kwa minibus ya ku Matero, kusiyana chabe ni kwakuti palibe kondakita okuuzani ati fendelani. Ntambo ni yotalika kilomita 1.5, ulendo utenga maminiti pafupifupi 8. Pa siteshoni kakabini sikaimilila zoona, kayenda pang'onopang'ono, mungena kali kuyenda, wanchito avala chitseko, ndiye mwayenda.

Miniti yoyamba palibe nkhani. Pansi pali mitengo, denga za manyumba, bantu bayamba kuchepa. Aliyense aseka, mafoni yali mumwamba. Manje mukapita pamwamba pa phili, nthaka imachoka chabe. Mbali imodzi ni phili yobilibila, mbali inangu ni South China Sea, Deep Water Bay pansi apo na tuma boti toyela tooneka monga mapepa yotayiwa, tuvisumbu uko kutali. Pamalo yokwela maningi muli pafupi mamita 200 pamwamba pa manzi. Findeco House ili pafupi mamita 90. Ikani ma Findeco yabili, imodzi pamwamba pa inzake, imwe muli pamwamba pake mu kabeseni.

Chamene bantu sibakamba ni zii wamene alimo. Kulibe injini mu kabini, injini ili ku siteshoni, ndiye idonsa ntambo. Mumvela chabe mphepo, kaili mawindo ni ya tuvisulo, mphepo ingena mwaufulu. Ndiye pali vija vipilala vamene vigwila ntambo. Kakabini kakapita pa mawilo ya chipilala kamachita gudugudu, kagwedezeka pang'ono. Apo ndiye pamene muzaziba bakulu bamene bamazionesa ati "ine nine mwamuna". Baja bamene benze kukamba maningi pa laini bamayamba kuyangana nsapato zao. Osabaseka maningi, gudugudu yachibili izabwela na kwa imwe.

Langizo yanga ni iyi: jambulani vithunzi vibili vitatu, foni muike mu thumba. Maminiti 8 ni yang'ono. Mukayasiliza pa kusakila network ya live ya pa Facebook, muzafika ku Summit mulibe chamene mwaona na menso yanu. Futi foni ikapulumuka pa tuvisulo tuja, musaganize ati kuli muntu azamutolelani.

Kuli njila inangu yokwelela, sitima yochedwa Ocean Express yamene inabwela mu 2009. Ipita mukati mwa phili, mu mugodi, maminiti osafika 5. Ni ya bantu bamene bathamangila, bamene bayopa mumwamba, na masiku yamene cable car baimika chifukwa cha mphepo ikulu olo kaleza. Ichi chikumbukeni, ndaba mungalipile ndalama zonse, mwafika, ntambo siyenda. Kuchoka May kufika November ni nyengo ya vimphepo va typhoon. Bakakweza signal namba 8, tauni yonse ivala, paki nayo. Onani za nyengo kuseni mukalibe kugula tiketi. Ngati kumwamba kuli bwino, kwelani cable car poyenda, kuseni laini ikali ifupi, Ocean Express muisunge ya pobwela pamene mendo yalema.

Ku Summit, mfumu ya vokwela ni Hair Raiser, inaseguliwa mu 2011. Ilibe pansi poika mapazi, mendo yalenjekeka chabe, ithamanga makilomita 88 pa ola, imutembenuzani mutu pansi, ndipo yonse inamangiwa pa mphepete pa phili, so pamene muli dodolido chamene muona ni nyanja. Musakwele mutangodya. Ma wigi na ma cap, bamayo na ma guys, chitani plan mukali pansi. Vokwela vinangu vilipo, va manzi, va bana, muzavipeza mweka pa mapu.

Kunsi ku Waterfront kuli Grand Aquarium na ma panda. Apa paki inachita mwayi. Mu August 2024 panda mkazi, Ying Ying, anabala mapasa, kamwamuna na kakazi, kutasala siku limodzi kuti akwanise zaka 19. Ku ma panda uyo ni msinkhu wa ambuya, ndipo palibe wina ozibika anayamba kubala mochedwa so. Mwezi wokonkhapo Beijing inatumiza yenangu yabili, An An na Ke Ke, yonse yakwana 6. Hong Kong inapenga. Ma panda pa ma T-shirt, pa makeke, paliponse. Ine nikambe chilungamo: panda ni nyama ya ulesi. Mungaimilile pa laini ola lonse, mwafika, mupeza chakupasani msana, chili gone. Ngati muli na bana, imani. Ngati muli mweka na siku limodzi chabe, ntambo na phili viyambe.

Paki iyi yenze pafupi kufa kabili. Pamene Disneyland inasegula ku Hong Kong mu 2005, bambili benze kuganiza ati Ocean Park yasila. Tcheyamani wa ntawi ija, Allan Zeman, muntu wa mabala na ma club ya ku Lan Kwai Fong, anayamba kuvala vovala vosekesa pamaso pa atolankhani, mpaka kuvala monga jellyfish, kuti chabe bantu bakambe za paki. Vinasebenza, bantu banabwela. Ba promoter batu bamene baganiza ati poster imodzi pa WhatsApp ni marketing, phunzilankoni. Kachibili ni mu 2020, pamene Covid inavala mageti, boma inachita kuikamo madola ya Hong Kong 5.4 biliyoni kuti isagwe.

Manje tikambe ndalama, ndaba apa ndiye pali ndeo. Tiketi ya mukulu ili pafupi madola ya Hong Kong 500. Dola yao inamangiliwa ku dola ya America, pafupifupi 7.8 pa dola imodzi, so mukamba madola ya America kupitilila 60. Chitani masamu na rate ya ku bureau lelo. Ni ndalama, sinizamunamani. Wa business azakamba ati iyo ni katoni ya ma cover ya foni. Zoona. Koma tiketi iyo ilipilila vonse, cable car kangati kalikonse mufuna, sitima, vokwela, nsomba. Ndipo ndalama ikulu, ya ndeke kuchoka ku Lusaka kupitila ku Addis Ababa, Dubai olo Doha, munalipila kale. Kuwonjezelapo siku limodzi ni kang'ono poyelekeza na ulendo wonse. Muntu wamene sinigwilizana naye ni uja otenga kaloba kuti akajambule chithunzi pa cable car. Uyo azabwela na vithunzi, wa kaloba azabwela kutenga fridge. Vakudya mukati ni vodula, idyani kuseni mukalibe kungena.

Kufikako ni kosavuta. Kuchoka ku Guangzhou South kuli sitima yothamanga yamene inayamba mu 2018, ifika ku West Kowloon pafupifupi mu ola limodzi. Ngati mugona ku Chungking Mansions pa Nathan Road, kwamene ma trader ba mu Africa bakhala bafikila kwa zaka zambili, ngenani MTR pa Tsim Sha Tsui, siteshoni imodzi chabe muli pa Admiralty. Apo chinjani, kwelani South Island Line, siteshoni yoyamba ni Ocean Park, geti ili pamenepo. Gulani kadi ya Octopus, muikemo ndalama, isebenza mu sitima, mu basi na mu mashopu.

Apa manje mvelani bwino, ndaba apa ndiye pamene ka outing kangamudyeleni capital yonse. Hong Kong ni China, koma ili na immigration yake. Pasipoti ya Zambia ingena mu Hong Kong kopanda visa ngati mwabwela kuzaona malo, koma nkalani na tiketi yobwelela na pepa ya kwamene muzagona, ndaba ofisala ali na mphamvu yomubwezani. Sibadinda mu pasipoti, bamupasani kapepa kang'ono, musakataye. Vuto ili pa visa ya China. Ngati yanu ni single entry, siku mwaoloka kungena mu Hong Kong, visa ija yafa. Simungabwelele ku Guangzhou. Katundu wanu wamene mukalibe kulongeza, deposit yamene munasiya ku fakitale, ndeke yanu ngati inyamukila ku Guangzhou, vonse vasala kuseli kwa border, imwe muli na chithunzi cha panda. So segulani pasipoti, yanganani pamene balemba entries. Ngati ni imodzi, silizani business yonse, tumizani katundu, Hong Kong ikhale yothela, ndipo ndeke yobwelela ku Lusaka inyamukile komweko. Ichi muchikonze mukali kuno, pogula tiketi.

Siku yoyenda nayo musankhe. Weekend kumazula. Sabata yoyamba ya October ni holide ikulu ku China, bantu baoloka border monga nyelele, laini ya cable car izamulemesani mukalibe kukwela. Bamene muyenda ku Canton Fair, yamene iyamba pakati pa April na pakati pa October, muli pabwino: ya October igwela pamodzi na Halloween ya paki, pamene bamanga manyumba ya vipuku na ma actor bothamangisa bantu. Yendani pakati pa sabata, mufike geti ikalibe kuseguliwa ma 10 hours, mupite ma shopu ya tuzidole osayangana, mulunjike ku ntambo. Pokwela, ngati wanchito amulolani kusankha, nkalani mbali yoyangana ku nyanja.