Magalasi omata pa diso: wolakwa ndi wovala kapena galasilo?

Kutsogolo kwenikweni kwa diso kuli kakhungu koonekera mkati kotchedwa cornea. Kalibe mitsempha ya magazi, ndipo mpweya kamaulandira kuchokera kunja kudzera m'misozi. Munthu akamatapo contact lens amachepetsa mpweyawo, komanso tizilombo tikalowa pansi pa kagalasiko misozi imalephera kutikokolola. Umu ndi mmene imayambira keratitis, kutupa kwa cornea kumene kungasiye chipsera choyera pamalo oonera moyo wonse.

Madokotala a maso kawirikawiri amaloza chala wovalayo, ndipo umboni ali nawo. Kafukufuku wa ku America wa 1989 anapeza kuti mwa anthu 10,000 ovula magalasiwa pogona, pafupifupi 4 amachita zilonda pa cornea pa chaka. Mwa ogona nawo, chiwerengero chinali cha m'ma 20. Chikope chikatsekeka usiku wonse, diso limafunda, mpweya umachepa, ndipo bakiteriya wotchedwa Pseudomonas amatha kudya cornea m'masiku awiri okha.

Madzi ndiye oopsa mwakachetechete. M'madzi a m'mipope, m'mathanki ndi m'madamu osambiramo mumakhala Acanthamoeba, kachilombo kovuta kupha kamene kamapweteketsa diso kwa miyezi. Mu 2022 akatswiri a chipatala cha Moorfields ku London anaonetsa kuti kusamba utavala magalasiwa kumachulukitsa ngoziyi kupitirira katatu. Onjezanipo kabokosi kosungiramo kosasinthidwa, kuthira mankhwala atsopano pamwamba pa adzulo pofuna kusinira, manja osasamba ndi fodya. Zonsezi zili m'manja mwa mwini diso.

Komabe sindivomereza kuti nkhani ithere pamenepo. Mu 2006 anthu ku Singapore, Hong Kong ndi America anagwidwa ndi nkhungu ya Fusarium m'maso, ndipo zinapezeka kuti ambiri ankagwiritsa ntchito mankhwala otsukira a ReNu with MoistureLoc. Kampani ya Bausch & Lomb inawachotsa pamsika chaka chomwecho. Mu 2007 mankhwala ena, Complete MoisturePlus, anachotsedwanso chifukwa cha Acanthamoeba. Anthuwa anagula chinthu chovomerezeka m'sitolo, nachikhulupirira. Kuwauza kuti anali osasamala n'kuwapweteka kawiri.

Nawonso magalasi a silicone hydrogel, olowetsa mpweya wambiri, anabwera ndi chiyembekezo chakuti kugona nawo sikudzakhalanso vuto. Kafukufuku wa ku Australia wa 2008 anapeza kuti matenda kwa ogona nawo sanatsike. Apa wovala anangotsata zimene anauzidwa kuti ndi zololedwa.

Palinso nkhani ya thumba. A Moorfields aja anapeza kuti ovala magalasi osungidwa n'kuvalidwanso ali pa ngozi ya Acanthamoeba pafupifupi kanayi kuposa ovala otaya tsiku lomwelo. Koma otayawa ndi okwera mtengo. Wophunzira amene akutalikitsa magalasi a mwezi umodzi kuti afike miyezi iwiri akulakwa ndithu, ngakhale chomulakwitsa ndi ndalama, osati ulesi.

Ndiye tingowaleka? Ayi. Wachinyamata wa keratoconus, amene cornea yake yasongoka, nthawi zambiri amaona bwino ndi kagalasi kolimba komata pa diso, pamene magalasi a pamphuno alephera. Kwa iye ngozi ya anthu ochepa mwa 10,000 ndi yoyenera kuilandira. Amene ndimawadera nkhawa ndi ogula magalasi amitundumitundu pa Facebook kuti maso aoneke obiriwira pa ukwati, osapimidwa, osauzidwa kanthu za madzi, ena mpaka kubwerekana. Ngozi ndi yomweyo, phindu la kuona palibe.

Ndikaika zonse pa sikelo, khalidwe la wovala ndi limene likulemera, makamaka tulo ndi madzi. Koma wogulitsa ndi wopima maso ali ndi gawo limene amakonda kulizemba: kunena mosabisa, asanalandire ndalama, kuti diso likafiira, likamapweteka, likamaopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, munthu avule kagalasiko pompo, asakataye, ndipo apite nako kuchipatala cha maso tsiku lomwelo limodzi ndi kabokosi kake, kuti akapime kachilombo kamene kalowa.