Liu Lakuti "Reverse" ndi Nzeru Yobwerera M'mbuyo

Mwezi uno tiyeni tisinkhesinkhe liu limodzi la Cingelezi limene lazika mizu pakati pathu. Pa siteshoni ya mabasi, pa msika, ngakhale pabwalo la chalichi Misa ikatha, timamva anthu alikufuula kuti, "Livasi! Livasi!" M'Cingelezi liuli limalembedwa "reverse", ndipo tanthauzo lake ndi kuyendetsa galimoto cam'mbuyo. Pa ndodo ya giya limaimiridwa ndi cilembo R, ndipo woyendetsa akaika giyayo, nyali zoyera zimayaka kumbuyo kucenjeza oyenda pansi. Anthu a ku Britain, kumene tinatenga Cingelezi cathu, ndiwo amakonda "reverse"; a ku America kawirikawiri amati "back up".

Gwero lake ndi Cilatini, cinenero cimene acikulire athu anali kumva pa Misa, Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 usanatsegulire khomo zinenero zathu. Lili ndi mbali ziwiri: "re", ndiko kubwerera, ndi "vertere", ndiko kutembenuza. Motero Angelezi amalinena pa zinthu zinanso: bwalo lalikulu la milandu likafafaniza ciweruzo ca bwalo laling'ono, amati lacita "reverse". Liu lakuti "convert", limene ife timati kutembenuka mtima, ndi mphukira ya muzu womwewo.

Nanga tiphunzirapo ciani? Palibe munthu amacoka ku Lusaka kunka ku Chipata ndi livasi. Giya imeneyi anaipangira mtunda waufupi: kutuluka pothina, kupatsa mnzathu njira pa mlatho wopapatiza, kapena kupeza potembenukira pamene tasocera. Woyendetsa wokana kubwerera pang'ono amatseka mseu, ndipo iye pamodzi ndi anzake onse amagona pomwepo. M'mabanja mwathu zimaterenso. Mwamuna ndi mkazi akakangana, mmodzi ayenera kudzicepetsa ndi kubweza mau ake kuti onse awiri apite patsogolo. Mwana wolowerera uja wa pa Luka 15 anaonanso nkhope ya atate ake cifukwa anavomera kubwerera.

Koma livasi ili ndi ngozi yake. Galimoto ikamabwerera, woyendetsa saona bwino zimene zili pansi kumbuyo kwake, makamaka pa lole ndi pa minibasi. Kalilole saonetsa kamwana kamene kanjuta kuseri kwa tayala, ndipo ana athu amakonda kusewera pakati pa magalimoto pamene akulu tilikupatsana moni. Cifukwa cake, tisanaike giya tiyambe tazungulira galimoto ndi miyendo, tipemphe wina atiyang'anire kumbuyo, ndipo tiyende pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Inu makolo, mukaona nyali zoyera zija, gwirani ana anu pa dzanja. Lamulo lacisanu la Mulungu, loletsa kupha, limatimanga ngakhale pamene tagwira ciongolero.