Woyamba kumva ndi mnzake wa pa desiki

Pasukulu iliyonse ya sekondale pali mayina omwe salembedwa mu rejisitala koma aliyense amawadziwa. Mnyamata amene adasowa teremu yathunthu n'kubwerako ali phee, anzake amangomuti "wa ku Zomba". Mtsikana amene akafunsidwa funso amangoyang'ana pawindo, amati netiweki yamuthawa. Wina amati mawaya adaduka. Kalasi yonse imaseka, ndipo nthawi zina aphunzitsi nawo amamwetulira pang'ono asanati "chete".

Mayina amenewa mulibe m'silabasi. Ana amawatola kwa ife. Amaona pamsika akuluakulu akuseka bambo wovala nsanza pamene tiana tikumuponya miyala. Amamva kunyumba mayi akukalipa kuti "ukapitiriza zimenezo tikakusiya ku Zomba". Mzinda umene udali likulu la dziko lino mpaka 1975, womwe uli ndi yunivesite komanso phiri lokongola chotere, m'kamwa mwathu udasanduka dzina la chipatala chimodzi chokha, ndipo chipatalacho tidachisandutsa choopsezera ana ngati fisi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto la matenda a m'maganizo, ndipo pafupifupi theka la matenda otere limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Chiwerengerochi n'cha dziko lonse lapansi, komabe tangoyesani kuchiika m'kalasi ya Fomu 2 ya ana 70. Mupeza ana khumi. Mwa khumiwo, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene akuvula zovala kapena kutola zinyalala. Ambiri avala yunifomu yochapa bwino, akukopera manotsi, koma usiku sagona.

Ndiye funso langa n'lakuti: mwana wotere akafuna kulankhula, amayamba kuuza ndani? Si dokotala. Kawirikawiri si bambo, si mayi, si abusa kapena shehe. Amauza mnzake wa pa desiki, kapena wogona naye bedi loyandikana ku hositelo akachoka ku prepu. Ena amalemba pa WhatsApp 1 koloko usiku kuti "aise, ine ndatopa nazo". Wolandira uthengawo naye ndi mwana wa zaka 15. Amayankha zomwe adamva kwa akulu: limba mtima, ingopemphera, iwe ndi mwamuna. Kapena amatumiza kachithunzi koseka, n'kugona.

N'chifukwa chake ndikuti phunziro la matenda a m'maganizo m'sukulu lizikonzedwa poganizira mnzake uja. Wodwalayo mwina tsiku la phunzirolo sadzabwera n'komwe. Koma mnzakeyo adzakhalapo.

Wina anena kuti zimenezi zilipo kale mu Life Skills. Zoonadi, mitu ya nkhawa, kudzidalira ndi kupanga ziganizo ilimo, kuyambira ku pulayimale. Vuto n'lakuti timaiphunzitsa ngati mayina a mitsinje. Mwana amaloweza m'Chingerezi tanthauzo la stress, n'kutchula njira zinayi zothanirana nayo, mamalikisi n'kupeza onse. Koma zomwe zikumuchitikira iye kapena mnzake sizikuchitika m'Chingerezi. Zikuchitika m'mawu oti "mtima ukungothamanga", "mutu ukulemera", "nsima sikulowa", "ndikungoganiza kwambiri". Mlatho wolumikiza mawu a m'mayeso ndi mawu a kuhositelo palibe amene adaumanga.

Chilankhulo chathu chili ndi msampha wake. Mawu oti misala amameza zonse. Munthu ali bwinobwino kapena ndi wamisala, pakati palibe. Ndiye mwana amene wakhala mwezi wathunthu akulira payekha sangadzitchule kuti akudwala, poti akatero ndiye kuti wavomera dzina la bambo wa pamsika uja. Amasankha kungokhala chete.

Nkhani imeneyi ena adayesapo kale kuikonza kuno kwathu. Chapakati pa zaka za m'ma 2010, bungwe la Farm Radio pamodzi ndi dokotala wa ku Canada, Stan Kutcher, adayambitsa pulogalamu ya pawailesi ya achinyamata yotchedwa Nkhawa Njee, n'kukhazikitsa magulu omvera m'sukulu komanso kuphunzitsa aphunzitsi m'maboma ena a m'chigawo chapakati. Chimodzi mwa zomwe adalimbana nazo chidali chomwechi: depression tiitchule chiyani m'Chichewa? Lipoti lawo la mu 2015 lidasonyeza kuti aphunzitsi atangophunzitsidwa masiku ochepa chabe, adadziwa zambiri ndipo kaonedwe kawo ka odwala kadasintha. Anzathu a ku Zimbabwe nawo adayambira pa mawu. Dokotala Dixon Chibanda poyambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006 adatenga liwu la Chishona loti kufungisisa, lomwe ndi kuganiza kwambiri kwathu kuja, n'kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu atakhala pabenchi panja pa chipatala. Anthu amene sakadalowa m'chipinda cholembedwa kuti "a misala" adakakhala pabenchipo mosavuta.

Nanga mnzake wa pa desiki uja aphunzire chiyani?

Ayambe wadziwa kusiyanitsa. Kuopa mayeso a MSCE si matenda. Kulira chibwenzi chikatha si matenda. Kukhumudwa agogo akamwalira ndi umunthu. Chimene achipatala amayang'ana ndi nthawi komanso kulemera kwake: munthu wakhala masabata awiri kapena kuposera apo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zomwe ankazikonda sizikumukomeranso, tulo ndi kadyedwe zasokonekera, akudziona ngati wopanda pake, ndipo sukulu yayamba kumukanika. Ndikutsindika pamenepa chifukwa ife a mafoni tili ndi vuto lathu lina. Masiku ano bandulo ikatha munthu akuti ali depressed, ndipo kavidiyo ka masekondi 30 pa TikTok kakukwana kumuuza kuti ali ndi matenda atatu. Mawu tikawapeputsa chonchi, tsiku limene mnzathu adzawanene ali serious tidzaseka.

Aphunzirenso za matenda aja timawaopa kwambiri, oti munthu amamva mawu omwe ena sakuwamva, kapena kukhulupirira kuti anthu akumusaka. Amakonda kuyamba munthu akamayandikira zaka 20 kapena atangopitirirako, nthawi yomweyo imene ali Fomu 4 kapena ku koleji. Ndiye poti amagwira mwana wa sukulu, mayankho timakhala nawo kale: adawerenga kwambiri, amalume adamulodza chifukwa cha nsanje, adaphonya zizimba, kapena ndi chamba basi. Kuwerenga sikupengetsa munthu. Za chamba tisanamizane, chimawonjezeradi chiopsezo, makamaka kwa amene wayamba kusuta ali wamng'ono ndipo amasuta kwambiri. Koma alipo ambiri odwala amene sadachilaweko, ndipo kuwanena kuti adazifuna okha n'kuwapweteka kawiri. Komanso mwana akasokonekera mwadzidzidzi thupi likutentha, akhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, oti kuchedwa tsiku limodzi kumatengetsa moyo. Sindikuletsa munthu kupemphera. Malungo timapempherera ndithu, koma LA timamwa. Choopsa ndi miyezi imene banja limataya likuzungulira kwina, mwana atamangidwa m'nyumba kuti aneba asaone, pamene matendawa amamva mankhwala bwino akagwidwa msanga.

Khunyu ndiliikepo, ngakhale si matenda a m'maganizo koma a ubongo, chifukwa kwathu kuno tsankho lake ndi lomwelo ndipo nthawi zambiri thandizo lake limapezeka pa kiliniki yomweyo. Mwana akagwa pa asembule anzake amabalalika, poopa kuti malovu ake akawakhudza atengera. Khunyu silipatsirana. Chofunika n'kumuchotsa pafupi ndi moto, madzi kapena miyala, kumuikira juzi kunsi kwa mutu, osamupanikiza, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha kumugoneka chammbali. Kukapitirira mphindi zisanu, kuchipatala. Phunziro lonseli silingathe mphindi khumi, koma ana angati adamaliza Fomu 4 osalimva?

Gawo lovuta kwambiri ndi la chinsinsi. Pasukulu palibe tchimo lalikulu kuposa kuneneza mnzako. Ukangodziwika kuti ndiwe kazitape, watha. Tsono mnzako wakuuza kuti akuganiza zodzipha, n'kuwonjezera kuti "koma usauze munthu". Mwana wa zaka 15 atani? Ngati palibe amene adamuuzapo, asunga chinsinsicho poganiza kuti ndiko kukhulupirika, ndipo zikavuta adzasenza katundu ameneyo moyo wake wonse. Ana auzidwe mosapita m'mbali kuti chinsinsi ichi chokha sichisungidwa. Auzidwe kuti kufunsa mnzako mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Asamusiye yekha, achotse zinthu zoopsa pafupi, ndipo apite naye kwa munthu wamkulu tsiku lomwelo, osadikira Lolemba. Ngati wamkulu palibe, nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere.

Anyamata ndiwo akufunika phunziroli koposa. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Tidawalera ndi mawu oti mwamuna salira, ndipo adamvera. Onjezani kuti malamulo athu kwa zaka zambiri akhala akutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, muona chifukwa chake mabanja amabisa.

Koma apa mpamene pagona nkhani. Mukauza ana kuti azikanena kwa wamkulu, wamkuluyo akhale woti n'kuuzidwa. Mphunzitsi amene akamva nkhani ya mwana 10 koloko, pofika nthawi ya tiyi staff room yonse yadziwa, wagwetsa phunziro lonse. Matroni amene amayankha kuti "ife tidakula movutika kuposa inu" watseka chitseko cha hositelo yonse. Mwana wogona m'kalasi chifukwa usiku sakupeza tulo tikamupatsa dzenje loti akumbe osamufunsa kalikonse, anzake 69 aphunzirapo kanthu kuposa zomwe zili m'buku. Aphunzitsi ambiri si ankhanza ayi. Ali ndi makalasi odzaza, malipiro osakwana, mavuto awoawo, ndipo palibe adawaphunzitsa. Koma sukulu iliyonse ili ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri amene ana amawathamangira kale mwachibadwa. Ahedi amawadziwa. Amenewo ndiwo oyenera kutumizidwa ku maphunziro, osati amene ali pafupi ndi alawansi.

Sukulu zathu zimaphunzitsa ulemu kwambiri: kugwada, kulandira ndi manja awiri, kuimirira mlendo akalowa. Koma ulemu umenewu umangoyang'ana kumwamba, kwa amene ali ndi udindo. Mayeso enieni a khalidwe ndi tsiku limene mnyamata uja wabwerako kuchipatala, atanenepa pang'ono ndi mankhwala, akulankhula mochedwa. Ndani akhale naye desiki? Ndani amubwereke manotsi a teremu imene adaphonya? Kodi timu ya mpira imulandiranso? Makolo athu adasiya mwambi woti wamisala adaona nkhondo, kutanthauza kuti ngakhale amene mwamuchotsera ulemu akhoza kunena zoona zimene inu simukuziona. Ife mwambiwo timaunena pa zina zonse kupatula pa mwini wake.

Njira yochepetsera tsankho tidaiona kale ndi HIV. Ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, chomwe chidasintha mitima sichidali mapositala okha. Adali anthu amene adaimirira pagulu, athanzi, akugwira ntchito, n'kunena kuti ndikumwa mankhwala. Gulu la akatswiri lomwe magazini ya zachipatala ya The Lancet idasonkhanitsa lidanenanso chimodzimodzi mu 2022 pa za matenda a m'maganizo, kuti chimene chimagwetsa tsankho kwambiri ndi kukumana ndi kucheza ndi anthu amene adadutsamo. Kuno tili ndi bungwe la MeHUCA la anthu amene adadwalapo ndi owasamalira. Mphindi 40 ndi munthu amene adagonekedwapo ku Zomba, lero ali pantchito ndipo akulera ana ake, zingaphunzitse Fomu 3 kuposa mitu itatu ya m'buku. Chachikulu akhale wobwera mwa kufuna kwake, osati mwana wa pasukulupo wokakamizidwa kukhala chitsanzo. Anamwino a matenda a m'maganizo a pachipatala cha boma nawo akhoza kuitanidwa, kuti ana amve kuti thandizo limayambira pafupi, kuti kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso kuti odwala ambiri sagonekedwa n'komwe, amalandira uphungu kapena mankhwala n'kubwerera kwawo.

Ambiri a inu owerenga tsamba lino ndinu achimwene kapena achemwali amene mumalipirira mng'ono wanu fizi, amene amakuflashani akafuna ya sopo. Ena mwangoyamba kumene uphunzitsi. Ndinu amene mumatumidwa ku msonkhano wa PTA makolo akatanganidwa. Kumeneko nkhani zimakhala za mpanda, za nyemba zofumbwa ndi za ndalama ya chitukuko. Ikafika nthawi ya zina ndi zina, imikani dzanja mufunse ahedi kuti mwana akamva mnzake akunena zodzipha usiku wa Loweruka, apite kwa ndani. Apempheni atchule dzina la mphunzitsiyo, anene ngati ana akulidziwa, ndipo mlembi alilembe m'maminitsi.