CHIPHAPHA CHA PANSI PA MTENGO WA MANGO

Mwezi uno tikukulemberani kuchokera ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, pafupifupi makilomita 180 kum'mawa kwa Lusaka. Tsiku lina m'chilimwe chapitachi, pamudzi wina kufupi ndi msewu waukulu wa Great East panaima lole ya anthu ogula zitsulo zakutha. Anatsika ndi sikelo, nyundo ndi macheka. Pansi pa mtengo wa mango panali Land Rover yakale imene inakhala pamenepo zaka zambiri osayenda, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwa mpando wa dalaivala. Mwini wake anatisiya kalekale. Mdzukulu wake wina anapangana nawo mtengo, ndipo dzuwa lisanalowe galimoto ija inali itasanduka mulu wa zidutswa. Ndalama zimene analandira sizinakwane ngakhale matumba awiri a feteleza.

Ife tinaima chapatali pamodzi ndi agogo aakazi a pamudzipo. Iwo za ndalama sanazitchule n'komwe. Anangoti: "Ana anga, galimoto imeneyo ndiyo inanditengera ku chipatala cha St Luke's usiku wa mvula, uchembere utandivuta pa mwana wanga wachisanu. Inanyamula maliro a midzi itatu. Lero aiyeza pa sikelo ngati thonje."

Mawu amenewa ndiwo atilembetsa nkhaniyi. Sitikuletsa munthu kugulitsa chake. Chimene tikupempha n'chakuti tisanagulitse, tiyambe tadziwa chimene tili nacho, pakuti safunsa anadya phula.

KUNJA AKUZIFUNAFUNA

M'maiko ambiri muli anthu amene ntchito yawo, kapena chisangalalo chawo, ndi kusonkhanitsa magalimoto akale ndi kuwadzutsanso. Bungwe lawo la dziko lonse, lotchedwa FIVA, limawerengera galimoto m'gulu la magalimoto a mbiri ikakwanitsa zaka 30 ndiponso ikasungidwa monga momwe inapangidwira. Ku England, m'mwezi wa November, magalimoto opangidwa chaka cha 1905 chisanafike amayenda ulendo wochokera ku London mpaka ku Brighton, anthu atandandalika m'mbali mwa msewu kuwaombera m'manja. Muno mu Africa momwemo, ku Nairobi kumachitika chionetsero chotchedwa Concours d'Elegance, kumene oweruza amasuzumira mpaka kunsi kwa galimoto kuti aone ngati inakonzedwa mokhulupirika.

Mitengo yake nthawi zina imachititsa chizungulire. M'chaka cha 2022, Mercedes-Benz ina ya chaka cha 1955, imene inapangidwa ziwiri zokha, inagulidwa ndi ndalama zokwana mayuro 135 miliyoni. Komatu tisatengeke mtima, galimoto yotere simungaipeze pansi pa mango athu. Imene ikutikhudza ife ndi iyi: m'chaka cha 2016 kampani ya Land Rover inafunafuna m'maiko osiyanasiyana magalimoto ake 25 a mtundu woyambirira, nkuwakonzanso ku fakitale yake ya ku Solihull, ndipo mtengo wa imodzi unayambira pa mapaundi 60,000. Asanakonzedwe, ena mwa magalimoto amenewo sankasiyana kwenikweni ndi chiphapha chija cha pansi pa mango.

ZATHU ZAKALE NDI ZITI?

Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam m'chaka cha 1948. Popeza chitsulo chinali chosowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene sadyedwa ndi dzimbiri monga chitsulo. Ndicho chifukwa chake ngakhale itagona pabwalo zaka 40, zitseko ndi mbali zake zimakhala zikadalipo. Mtundu woyamba, Series I, unapangidwa mpaka 1958. Series II ndi IIA mpaka 1971. Series III mpaka 1985. Akuluakulu aboma, apolisi, alangizi a zaulimi, anamwino ndi ansembe ankadalira magalimoto amenewa kuti afike kumene msewu unali dzina chabe, monga kwa Shikabeta kapena kumunsi kwa Luangwa, ku Katondwe.

Panalinso Peugeot 404 ndi 504, zimene zinkakwera mapiri a Manenekela zitadzaza anthu ndi katundu. Panali malole a Bedford onyamula chimanga. Panali Toyota Land Cruiser zakale zija za nyali zozungulira. Tisaiwalenso kuti m'zaka za m'ma 1970 dziko lathu linali ndi fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat ku Livingstone, ndipo manja amene ankamanga magalimotowo anali a ana a Zambia. Nanga ndani mwa ife waona imodzi ikuyenda posachedwapa? Ikadzatha yomaliza, ana athu adzayesa nthano tikamadzawauza kuti galimoto inkatuluka m'fakitale ya kwathu konkuno.

Chitsanzo cha kusunga tili nacho ku Lusaka. Ku Chilenje, pa nyumba nambala 394 imene Dr Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira January 1960 mpaka December 1962, anasungapo Land Rover imene ankayendera pomenyera ufulu wa dziko lino. Malowo sanapulumuke pa chipolowe cha mtengo wa ufa cha mu June 1990, komabe palibe amene anaganiza zoyeza galimotoyo pa sikelo. Ana asukulu akaiona ndi maso awo amamvetsa msanga kuposa akangowerenga m'buku. Ngati dziko lasunga galimoto imene inanyamula mtsogoleri wake, kodi n'kulakwa kuti mudzi usunge imene inanyamula odwala ake?

KUDZUTSA GALIMOTO YAKUFA

Tisanamizane, kukonza galimoto yakale si ntchito ya sabata imodzi, ndipo kawirikawiri kumadya ndalama zambiri kuposa zimene mwini wake angadzapeze poigulitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokonza wodziwa amayamba ndi kuijambula mbali zonse, kenaka amaimasula chidutswa ndi chidutswa, bawuti iliyonse nkuiika m'kachitini kake kolembedwa, kuti tsiku lomanga asadzasokonezeke.

Choyamba kuyang'ana ndi msana wachitsulo umene galimoto yonse imakhalapo, umene amakanika amautcha chasisi. Pa Land Rover, apa ndi pamene pamabisala matenda. Thupi likhoza kuoneka bwino kunja, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: matope amalowa m'mphako za chasisi, chinyezi nkukhazikika, dzimbiri nkumadya mwakachetechete. Chitsulo cha pakati pa injini ndi dalaivala nachonso chimaola, ndipo paliponse pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pamatuluka ufa woyera wosonyeza kuti wayamba kudyeka. Malo oola amawadula, nkuwotchererapo chitsulo chatsopano, nkupaka penti.

Injini imene yagona zaka zambiri imauma, mapisitoni nkukakamira. Wopupuluma amaikoka ndi thirakitala nkuthyola zam'kati. Wodekha amachotsa mapulagi, amathiramo oyilo kapena dizilo, amadikira masabata, kenaka nkumaizungulitsa pang'onopang'ono ndi dzanja. Pambuyo pake pamabwera mabuleki, mapaipi a petulo, ndi mawaya amene makoswe anadya. Mwayi wake ngwakuti masipeya a Land Rover zakale akupangidwabe mpaka lero, ndiponso magalimotowa alibe kompyuta. Mnyamata amene wamasula ndi kumanga injini yotere ndi manja ake wadziwa kale chiyambi cha umakanika wonse.

Chinthu china chimene ambiri sitidziwa n'chakuti osonkhanitsa amafuna galimoto yathunthu, ya ziwalo zake zobadwa nazo. Injini ikakhala yomwe ija inatuluka nayo ku fakitale, mtengo umakwera. Penti yakale yofwifwa ena amaikonda kuposa yatsopano. Tsono amene amachotsa chitseko kukatsekera khola la nkhumba, kapena kupaka galimoto penti ya nyumba kuti ioneke bwino, akudzichotsera yekha phindu.

TISANAITANE A SIKELO

Kwa mabanja amene ali ndi chiphapha pakhomo, malangizo athu ndi awa.

Poyamba, funani nambala ya chasisi. Imalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa m'kati mwa galimoto, ndiponso imadindidwa pa chasisi penipeni. Nambala imeneyi ndiyo dzina la galimoto. Ku England, nyumba yosungira magalimoto ya British Motor Museum ku Gaydon ili ndi mabuku a fakitale, ndipo ndi nambalayo amatha kunena nthawi imene Land Rover inapangidwa ndi kumene inatumizidwa.

Chachiwiri, sungani buku la umwini, lija timalitcha white book, pamodzi ndi zithunzi ndi malisiti akale. Galimoto yopanda mapepala ndi yovuta kuilembetsanso, ndipo wogula woona amaiopa.

Chachitatu, ichotseni pansi pa mtengo, pakuti masamba ndi zipatso zogwa zimasunga chinyezi. Ikwezeni pa njerwa kuti isakhudze dothi, imangireni kachisakasa, ndipo lambulani udzu pozungulira. Moto wa m'tchire wa mu September ukhoza kusungunula aluminiyamu amene mvula ya zaka 50 inamulephera. Ndipo tisabise, chiphapha chosasamalidwa ndi nyumba ya njoka ndi udzudzu. Kusunga n'kosiyana ndi kungosiya.

Chachinayi, galimoto ya malemu si ya munthu amene wapezeka pakhomo tsiku limene lole yafika. Lamulo la chuma chamasiye la chaka cha 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, magawo 50 pa 100 alionse ndi a ana, 20 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ndi a makolo, ndipo 10 ndi a ena amene ankadalira malemuyo. Banja likhale pansi, ligwirizane. Ngati pakufunika ndalama za sukulu kapena za kuchipatala, gulitsani ndithu, palibe chochititsa manyazi. Koma funsani mitengo kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo yambani ndi amene akufuna galimoto, osati makilo ake. Tivomerezenso kuti si chiphapha chilichonse chili ndi wochifuna. Chimene chinapsa kapena kuphwasulidwa kale, chilekeni chipite kukasungunulidwa, chikakhale chitsulo chomangira nyumba.

IMODZI YOKHA

M'chaka cha 2013, wansembe wina wa ku Verona ku Italy, Bambo Renzo Zocca, anapatsa Papa Francis galimoto yake ya Renault 4 ya chaka cha 1984, imene inali itayenda makilomita 300,000 potumikira anthu a m'parishi yake. Pamsika inali ya mtengo wochepa, koma Papayo anailandira mokondwa nkuiyendetsa yekha. Ulemu wa galimoto imeneyo unali m'maulendo amene inayenda.

Pempho lathu kwa mafumu, aphunzitsi, amakanika opuma ntchito ndi akhristu a m'mamishoni akale ndi lakuti dera lililonse lisankhe galimoto imodzi yokha ya mbiri. Mutu umodzi susenza denga: wina apereke malata, wina sipanala, wina alembe m'buku zimene okalamba akukumbukira za galimotoyo asanapite nazo kumanda. Ngakhale italephera kuyendanso, iime poyera pansi pa denga, dzina la mwini wake ndi ntchito zake zitalembedwa pambali.

Tinadutsanso pamudzi paja sabata yatha. Pansi pa mango patsala dothi lakuda ndi oyilo, pamene udzu ukukana kumera, ndipo agogo aja aikapo mpando wawo. Tinawafunsa ngati ali ndi chithunzi cha galimotoyo. Anapukusa mutu.