MANKHWALA A COTUPA CA MU UBONGO: KODI A KU CHIPATA ADZAWAPEZA?

Cotupa ca mu ubongo cimakula pamene maselo ake alandila uthenga wakuti aculukane kosaleka, ndipo akatswili akhala akufunafuna mankhwala otseka njila ya uthengawo. Mu 2009 dziko la America linavomeleza bevacizumab, oletsa cotupa kumela mitsempha ya magazi, koma mu 2014 kunapezeka kuti satalikitsa moyo wa odwala glioblastoma. Mu 2023 dabrafenib ndi trametinib anavomelezedwa kwa ana amene cotupa cao cili ndi cilema ca BRAF.

Komatu mankhwala awiliwa sapelekedwa cotupa cisanapimidwe, ndipo wodwala wa ku Chipata ayenela kuyenda makilomita oposa 500 kukafika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Ife tiona kuti Boma liyambile pa zipangizo zopimila.