Asanagwire wodwala wanu, akuonetseni chiphaso

Amayi anzanga, inu amene mumayendera odwala m'miphakati mukudziwa kuti sitiroko yalowa m'makomo ambiri. Wodwala akatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo zitafa, sipapita sabata, pakhomo pamafika munthu wonena kuti amadziwa mafizo. Wina amabwera ndi mafuta osisitira, wina ndi kamakina konjenjemeretsa thupi, ndipo abale amagulitsa mbuzi kuti amulipire. Ine ndikuti munthu ameneyu asanagwire wodwala wanu, mufunseni kumene anaphunzira, ndipo akuonetseni chiphaso chake.

Ntchito ya mafizo ili ndi eni ake. Pali dokotala wa mafizo wa digiri, amene pa Chingerezi amati physiotherapist. M'dziko muno maphunziro ake anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre. Palinso womuthandiza, wa dipuloma, wotchedwa rehabilitation technician. Ambiri mwa awa anaphunzira ku Kachere, ku Blantyre komweko, pansi pa bungwe la MAP lija linayamba ndi kuthandiza opuwala ndi poliyo. Wothandizayu ndi amene amakhala nthawi yaitali ndi wodwala. Amamuphunzitsa kukhala tsonga, kuimirira, kuyenda ndi ndodo, ndipo akaona kuti vuto lamukulira amatumiza wodwalayo kwa womuposa. Onse awiri amalembetsa ku Medical Council of Malawi, monga ife anamwino ndi azamba timalembetsa ku khonsolo yathu.

Mwina mukuti kusisita n'kusisita basi, kungaphe ndani? Mverani. Phewa la munthu wa sitiroko limakhala lolobodoka chifukwa minofu yoligwira yafooka. Mukamudzutsa pokoka dzanja lakufalo, fupa limasuntha pamalo pake, ndipo ululu wake ukhoza kukhala miyezi mpaka wodwala kukana ngakhale kuvekedwa malaya. Wophunzira amadziwa kugwira kumsana ndi m'chiuno, dzanjalo n'kulitsamiritsa papilo.

China chimandiopsa kwambiri monga mzamba. Mayi amene wangochira kumene, makamaka wa opaleshoni, kapena wodwala wogona nthawi yaitali, akhoza kutupa mwendo umodzi, katumba n'kumatentha ndi kupweteka. Nthawi zina amakhala magazi aundana mumtsempha. Wosadziwa amathamangira kusisita mwamphamvu kuti “magazi ayende”. Chotupa cha magazicho chikachoka pamenepo chimakatseka m'mapapo, munthu n'kufa mwadzidzidzi, pamaliro n'kumanong'onezana za ufiti. Wophunzira akaona mwendo wotere saukhudza, amati tiyeni kuchipatala lero lomwe. Kudziwa pamene suyenera kugwira ndi gawo lalikulu la zimene anthuwa amalembera mayeso.

Chiphaso sichitanthauza kuti mwini wake ndi mngelo, ayi. Alipo a ziphaso aulesi ndi amwano. Koma wa chiphaso akalakwitsa muli ndi kokadandaula, ndipo khonsolo ikhoza kumuletsa kugwira ntchito. Wa kamakina uja akavulaza munthu amangosintha msika.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe: a mafizo ndi ochepa, chipatala cha boma chili kutali, ndipo kukweza munthu wakufa ziwalo pa kabaza si masewera. N'zoona. Koma ntchito yaikulu ya wothandiza uja si kusisita wodwala tsiku ndi tsiku. Ndi kuphunzitsa amene amakhala naye. Ulendo umodzi kapena iwiri, woyang'anira wodwala amaphunzira kumutembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda, kupinda ndi kuwongola mfundo kuti zisaume, ndi kumukhazika bwino pomudyetsa kuti phala lisalowe m'mapapo. Miyezi itatu yoyamba sitiroko itachitika ndiyo imene thupi limabwerera msanga, ndiye kuitaya podikira mafuta ozizwitsa n'kutaya chinthu chachikulu. N'chimodzimodzi mwana wochedwa kulira pobadwa amene khosi lake silikulimba, kapena wobadwa ndi mapazi opotoka: akayamba chithandizo msanga, m'pamene chimagwira bwino.

Tsono popeza osambitsa, otembenuza ndi odyetsa odwala ndinu nomwe, bwanji osaphunzira kwa mwini ntchito? Pamsonkhano wanu wa mwezi uno funsani amene akudziwa tsiku limene a mafizo amaona odwala pachipatala chapafupi. Wodwala wa mumphakati akamapita, mayi mmodzi wa m'bungwe amuperekeze, akaone ndi maso, adzaonetse anzake. Ndipo pemphani Bambo Mfumu ndi komiti ya zaumoyo ya parishi kuti alembe kalata kuchipatalako, wa mafizo adzabwere Loweruka limodzi ku holo ya parishi. Ndalama ya thiransipoti yake ikhoza kuchokera m'thumba lomwe lija mumagulira sopo ndi shuga wa odwala, ndipo inu mudzabwere ndi mphasa ndi mapilo ophunzirira.