Kusintha Kampani ya Foni Popanda Kutaya Nambala

Mabanja ambiri m'midzi yathu ya ku Angonia, ku Tsangano ndi ku Macanga ali ndi mwana kapena mbale amene akugwira ntchito ku South Africa. Kale, m'masiku a Wenela, wopita ku Joni ankadziwika kuti ali moyo chifukwa cha kalata, ndipo makalata akaleka kubwera anthu ankati munthuyo watchona. Lero chimene chalowa m'malo mwa kalata ndi nambala ya foni. Mayi wokalamba amaisunga pa kapepala kamene mdzukulu anamulembera, ndipo tsiku limene nambalayo yaleka kulowa, mtima wake sukhalanso m'malo.

Kawirikawiri chifukwa chake sichikhala matenda kapena ngozi ayi. Mwanayo wangomva kuti kampani ina yatsitsa mitengo, wagula simu khadi yatsopano, yakale ija wataya. Iye wapulumutsa marandi ochepa, koma kumudzi akuimba nambala yakufa. Choipa koposa nchakuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitenga ndi kuipereka kwa munthu wina, kotero kuti uthenga wa maliro kapena wa ndalama ungathe kufikira mlendo.

Komatu ku South Africa palibe chifukwa chotayira nambala. Kuyambira mu November 2006, munthu ali ndi ufulu wochoka ku kampani imodzi kupita ku ina atatenga nambala yake, ndipo bungwe la ICASA ndilo limayang'anira malamulo ake. Wa ku Vodacom angathe kupita ku MTN, ku Cell C kapena ku Telkom, nambala ili yomweyo. Dziko la Britain linayamba zimenezi mu 1999, Kenya ndi Ghana mu 2011, ndipo Nigeria mu 2013. Cholinga chake ndi chimodzi: kuti munthu asakhale kapolo wa kampani yodula kapena ya netiweki yovuta chifukwa chongoopa kutaya nambala.

Nanga zimatheka bwanji? Kuno kwathu tinazolowera kuti 82 ndi ya Tmcel, 84 ya Vodacom, 86 ya Movitel. Ku South Africa nakonso 082 inali chizindikiro cha Vodacom, 083 cha MTN, 084 cha Cell C. Tsopano kumeneko kuli kaundula mmodzi wa manambala onse amene anasamuka, ndipo makampani amaona m'kaundulamo kuti adziwe koyenera kupititsa foni imene yaimbidwa. Motero manambala oyambirira aja salinso umboni wokwanira. Amene wagula maminitsi oimbira netiweki imodzi yokha afunse kaye mnzakeyo kumene ali, pakuti safunsa anadya phula.

Tsono amene akufuna kusamuka asunge zinthu zinayi izi.

Choyamba, asatseke nambala yake ku kampani yakale. Pempho losamuka limaperekedwa ku kampani yatsopano, ndipo ndiyo imalankhula ndi yakaleyo. Nambala yotsekedwa kale singasamutsidwe.

Chachiwiri, simu khadi yatsopano iyenera kulembetsedwa motsatira lamulo la RICA, limene limafuna chiphaso kapena pasipoti pamodzi ndi umboni wa kumene munthu akukhala. Apa ndi pamene abale athu ambiri amapunthwa, chifukwa amagula makhadi a m'misewu olembetsedwa kale m'dzina la munthu wosadziwika. Tsiku la vuto sangathe kutsimikiza kuti nambalayo ndi yawo.

Chachitatu, chimene chimasamuka ndi nambala yokha. Mayunitsi, amene kuno timati kredito, ndi data yotsala, zimatsalira ku kampani yakale, choncho nkwanzeru kuzimaliza tsiku lisanafike. Maina a anthu osungidwa pa khadi lakale awakopere mufoni kapena awalembe m'kope. Amene anasainira pangano lolipira mwezi ndi mwezi adziwe kuti kusamuka sikufafaniza ngongole.

Chachinayi, asachite izi mothamanga. Pa tsiku losamuka foni imatha kukhala chete kwa maola angapo khadi latsopano lisanayambe kugwira ntchito. Asasankhe tsiku limene akuyembekeza malipiro kapena uthenga wa wodwala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali chenjezo lina limene sitiyenera kulibisa. Njira yomweyi imene imathandiza mwini nambala, akuba nawonso amaifuna. Masiku ano banki imatumiza manambala achinsinsi pa foni, ndipo WhatsApp imamangidwa pa nambala yomweyo. Wakuba akakwanitsa kusamutsa nambala ya munthu kupita pa khadi lake, mauthenga onsewo amafikira iye. Choncho mukalandira uthenga wonena za kusamuka kumene simunapemphe, musavomere ndipo muimbire kampani nthawi yomweyo. Foni ikangoti zii popanda chifukwa, musadikire mawa. Dziwitsani kampani ndi banki. Ndipo nambala yachinsinsi isaperekedwe kwa woimba aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku ofesi. Chenjezo limeneli ndi lathunso kuno, ife amene timasunga ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh.

Ife otsala kumudzi tili ndi mbali yathu. Ana athu akaimba mlungu uno, tiwauze kuti kufuna mitengo yotsika si kulakwa, koma asamuke ndi nambala yawo. Ngati pazifukwa zina nambala iyenera kusinthidwa ndithu, ayambe aimbira kwawo khadi lakale lisanatayidwe, ndipo nambala yatsopanoyo ilembedwe ndi anthu awiri kapena atatu a m'banja. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zochepa, koma imateteza kholo kuti lisagone ndi nkhawa yoti mwana wake watchona, pamene iye ali bwinobwino ndipo foni ili m'thumba.